Mkango wa ku China Womwe Unakana Kuvula Mutu

Ndikukumbukira bwino chaka chomwe mkango unabwera kusukulu kwathu pa basi ya ku Harare, utapindidwa m'katoni ya sopo. Ndinali mu giredi sikisi ku Sakubva, mumzinda wa Mutare, kamtsikana kowonda kokhala kumbuyo kwenikweni kwa kalasi, komwe aphunzitsi ankakakumbukira pokhapokha tsache likasowa womugwira.

Tinali tisanakhalitse m'tauni. Ine ndinabadwira pafamu ya fodya cha ku Odzi, komwe agogo anafikira kalekale kuchokera ku Dedza. Itafika jambanja, ija yolanda mafamu, mzungu ananyamuka, minda inagawidwa, ndipo ife a Chimalawi tinauzidwa kuti tibwerere kwathu, kwathu komwe ngakhale bambo anga anali asanakupondeko. Tinasiya nyumba, tinasiya dimba, tinasiya manda a agogo. Bambo anapeza ulonda ku Feruka, kuja kuli matanki a mafuta ochokera ku Beira, ndipo ankabwera kunyumba akununkha dizilo ngati lole.

Chinthu chimodzi chokha ndiye sanawalande. Bambo anali munthu wa gule wamkulu, woimba mbalule, ng'oma yomwe imalankhula ndi mapazi a chilombo. Ku Feruka anali mlonda wotsegulira anthu geti, koma pakagwa maliro a munthu wa kwathu, kaya ku Penhalonga kaya ku Odzi, akuluakulu ankatuma mthenga kuti a Phiri abwere. Akagwira ng'omayo ankaoneka otalika kuposa mmene analili. Ndipo inu amene simunakulire mu gule mumve izi: chilombo chimachokera kumanda, chimavina, n'kubwerera kumanda. Mulibe munthu mmenemo. Ngakhale uone chipsera cha malume ako pachala chake, umangoomba m'manja n'kusunga pakamwa pako.

Kusukulu zimenezi zinali zonyansa. Anzathu a Chishona ankatcha gule wathu zvigure, akutikwenzulira milomo, ndipo ahedi athu, bambo wamimba yotsogola amene ankapemphera nthawi yaitali kuposa abusa, ankati ndi ntchito za Satana. Mnyamata wina anapalasa fumbi ngati kapoli pa nthawi yopuma, ndipo anakwapulidwa pamaso pa sukulu yonse. Ine ndinaphunzira kubisa Chichewa changa pansi pa lilime n'kumayankha m'Chishona chokha.

Ndiye inafika nyengo ija akuluakulu a dziko anati tonse titembenuke tiyang'ane kum'mawa. Yunivesite ina inalengeza kuti ithandiza aphunzitsi a m'mapulaimale kuphunzitsa chiyankhulo ndi chikhalidwe cha ku China, ndipo sukulu iliyonse yosankhidwa itumize mphunzitsi mmodzi waluso pa ziyankhulo. Aluso athu onse anali atathawira ku Joni ndi ku Botswana kukasaka moyo. Anatsala ndi mphunzitsi wa zaulimi, munthu wabwino mtima amene ankadziwa manyowa a nkhuku kuposa china chilichonse. Ameneyo ndiye anakwera basi.

Anakakhalako masabata awiri basi, koma abale, anabwerako munthu wina! Anavala sikipa yofiira ya yunivesite tsiku lililonse mpaka inasanduka yapinki. Ankayenda pang'onopang'ono manja ali kumbuyo, akumwa madzi otentha a m'fulasiki dzuwa lili paliwombo, ati ndi mmene amachitira anzeru a kumeneko. Aliyense amene wakumana naye, kaya ndi mwana, kaya ndi mayi wogulitsa maputi, mbuliwuli zija, pageti, ankamupatsa moni wa "nihawu". Sabata lisanathe dzina lawo lenileni linafa, anakhala a Nihawu mpaka lero.

Thandizo la yunivesite linabwera m'makatoni. Munali ma CD ambirimbiri a maphunziro, chikhalirecho m'kalasi mwathu munalibe ngakhale pobayira magetsi. Munali timitengo todyera, tomwe tinathera kulozera pabolodi ndi kugogoda zala za ochedwa. Munali maburashi ofewa olembera zilembo za Chitchaina. Tinaphunzira kuwerenga mpaka teni, kupereka moni ndi kuthokoza, kenako tinayambiranso kuwerenga mpaka teni, chifukwa maphunziro a aphunzitsi athu anathera pomwepo. Tikafunsa china, ankatsegula fulasiki n'kunena kuti zimenezo zili m'gawo lachiwiri, lomwe yunivesite idzawaitanira.

Katoni yomaliza ndi imene munali mkango. Unali ndi mutu waukulu wofiira ndi wachikasu, ndevu zoyera za ubweya, maso ngati mbale, ndi nsalu yaitali kumbuyo. Unkafuna anthu awiri, wina kumutu, wina kumchira. A Nihawu anatiuza kuti kumapeto kwa teremu kudzabwera alendo a ku yunivesite kudzaona ngati thandizo lawo likubala zipatso, ndipo mkangowo udzavina pamaso pawo.

Anayamba ndi mapulifekiti. Mayo ine, mkango wake! Unkayenda ngati nkhuku yodwala chitopa, mutu kwina matako kwina. Anayesa akatswiri a mpira, iwo n'kumangothamanga nawo. A Nihawu anapukuta thukuta, anayang'ana uku ndi uku, kenako anatsitsa mawu ngati akufunsa kogulitsa kachasu.

"Kodi muno mulibe mwana wa zvigure?"

Zala zonse za m'kalasi zinaloza ine. Ndinafuna nthaka ing'ambike ndilowemo, koma ndinapezeka ndalowa m'mutu wa mkango. Munkanunkha guluu ndi fumbi la m'sitolo, ndipo dziko lonse ndinkalionera pakamwa pake. Munali kachingwe koti ukakoka maso ankaphethira. A Nihawu anayamba kumenya chidebe cha manyowa, ndipo ine, amene ndinakula ndikuombera zilombo m'manja kumbali ya amayi, ndinangoona miyendo yayamba yokha. Ndinapalasa fumbi, ndinanjenjemeretsa mutu, ndinaima zii, kenako n'kulumphira ana a kutsogolo mpaka anagwa chagada. Kalasi yonse inakuwa. Kumchira anaikako Rudo, mtsikana wamtali wolongolola, amene anadandaula kuti makolo ake sanamutumize kusukulu kudzaphunzira zidendene zanga.

A Nihawu anatifotokozera mathero ake monga anawaphunzirira ku yunivesite. Nyimbo ikatha, mkango ugone pansi, wovinayo avule mutu, aunyamule m'manja, awerame, amwetulire, alendo amujambule, ndipo ahedi atchule dzina lake. Dzina langa, Enelesi Phiri, pamaso pa sukulu yonse, popanda tsache m'manja! Sindibisa, ndinazifuna zimenezo ndi mtima wanga wonse.

Ndinafika nayo nkhaniyo kunyumba ndikudumphadumpha. Amayi anangoti "Kalanga ine!" n'kukhala pansi pomwepo. Bambo anati nkhuyu zodya mwana zipota akulu, ndipo anatuluka.

Lamulungu masana akuluakulu a gule anasonkhana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yathu. Anali ochepa, okalamba, ena alonda, ena osoka nsapato kumsika. Ine ndi amayi tinakhala patali tikuswa mtedza monga mwa mwambo, koma madalawo anali ogontha ndipo ankakambirana zachinsinsi mokuwa ngati akuitanira anthu kukwera kombi, minibasi za kuno. Wamkulu wawo anali a Mbewe, nkhalamba ya dzino limodzi.

"A Phiri, chinthuchi chachokera kumanda ati?"

"Akuti chabwera pa basi, akulu."

"Pa basi! Chilombo chokwera basi?"

Wina anati ndi chidole chabe, tisataye nacho nthawi. Wina anakana, ati chidole sichiphethira, ndipo chilichonse chokhala ndi nkhope, chovina ng'oma, chothamangitsa ana, n'chilombo basi, kaya chikhale cha ku China kaya cha ku Dedza. Wachitatu anafunsa ngati anthu a ku China nawonso amameta ku dambwe, ndipo panalibe anadziwa. Anakangana mpaka mthunzi unasuntha. Pomaliza a Mbewe anagamula kuti mlendo ndi mame, chilombo cha eni chisiyidwe chivine, sichikhalitsa, komanso kukaniza mwana n'kumuputira chikwapu cha ahedi. Koma anakweza chala. Ati mutu wa chilombo suvulidwa pagulu, pamaso pa amayi ndi ana, ndipo anthu akadzaona mwana wamkazi wa a Phiri akutuluka m'chilombo masanasana, a Phiri asadzagwirenso mbalule.

Madalawo atapita bambo anandiitana. Sanakalipe. Anangoti, "Kavine, mwana wanga. Koma mutu usakavule."

M'mawa mwake ndinapita kwa a Nihawu kukapempha kuti ndidzavulire mutuwo kuseri kwa kalasi. Anaseka mpaka madzi a m'fulasiki anatayikira pasikipa.

"Iwe Enelesi, popanda nkhope pachithunzi, a ku yunivesite adziwa bwanji kuti thandizo lafika kwa mwana? Amenewo ndi malamulo ochokera kumwamba. Zamakedzana zanuzo muzizisiya pageti."

Ndiye ndinakhala pakati, uku bambo, uku yunivesite. Ndinakwiyira onse. Ndinakwiyira madala a pansi pa mango aja, amene zaka zonsezi gule wawo ankandisekesa kusukulu, ndiye tsiku limodzi lokha lomwe gule akanandipatsa ulemu, akuti ndibise nkhope. Masiku onse oyeserera ndinkavula mutu bwinobwino pamaso pa a Nihawu, ndikudziuza kuti tsiku lenilenilo ndidzaona pomwepo.

Tsikulo linafika ndi dzuwa loswa mtengo. Maburashi a zilembo aja anapeza ntchito tsopano, tinapakira laimu miyala ya m'mbali mwa njira kuyambira pageti mpaka ku ofesi. Anatiimika m'mizere kuyambira m'mawa, tikuimba nyimbo ya Chitchaina yomwe ngakhale aphunzitsi ake sankadziwa ngati ndi ya ukwati kapena ya maliro. Ana awiri anakomoka. Alendo anafika masana pa galimoto zonyezimira. Munatsika mayi wina wa ku yunivesite yemwe aliyense ankamutchula kuti Adokotala, nsapato zake za gogoda zikumira mumchenga, kamera ili pakhosi. Munatsikanso mtsikana wa ku China wa ambulera, amene anatiyang'ana ndi chisoni ngati akufuna kutigawira mthunzi wake. Pamipando yakutsogolo panakhala mabwana a kumayadi, ku Murambi ndi ku Darlington, amene ana awo sanapondeko pasukulu yathu. Amayi athu anaima kumbuyo, ana kumsana.

Ahedi analankhula. Ine m'mutu wa mkango muja, thukuta likulowa m'maso, ndinamva ndi makutu angawa munthu yemwe uja anakwapula mnyamata chifukwa cha kapoli akunena kuti mtundu wolemekeza magule a makolo ake ndi mtundu wotukuka, ndipo ife tiphunzireko kwa anzathu a kum'mawa amene sachita manyazi ndi zigoba za makolo awo. Mabwana anaomba m'manja. Rudo kumbuyo kwanga anati msana ukuthyoka, ndipo akatuluka mmenemu andimenya.

Popeza magetsi kunalibe, CD ya ng'oma anaiika mu wailesi ya galimoto ya Adokotala, zitseko zonse n'kutsegula. Zinalira zitsulo ndi ng'oma zachilendo, ife n'kulowa m'bwalo.

Ndinavina, anthu inu. Zimene a Nihawu anandiphunzitsa zinatha msanga, zotsalazo zinachokera ku Odzi. Mkango wa ku China unapalasa fumbi la ku Sakubva mpaka mabwana anaphimba makapu awo a zakumwa. Unanunkhiza nsapato za Adokotala, unaphethira pamaso pa ahedi, unagwedeza ndevu. Kumbuyo kuja amayi a Chimalawi anaiwala kuti ali pasukulu, anayamba kuomba m'manja mwa kwathu, kuja kogundana kwa pabwalo la gule, wina n'kuimba nthungululu. Sindinamvepo kukoma kotero m'thupi mwanga.

Kenako nyimbo inatha. Mkango unagona pansi monga mwa malamulo. Adokotala anagwada bondo limodzi n'kulozetsa kamera, ahedi anakonza kukhosi kuti atchule dzina, ndipo a Nihawu anandinong'oneza mokuwa kuti, "Vula! Vula tsopano!" Manja anga anali atagwira kale m'mphepete mwa mutuwo. Ndinaukweza pang'ono, mphepo yozizira inandikhudza pakhosi, ndipo pakamwa pa mkango panaloza kumpanda wa waya. Kumeneko kunaima bambo, ali mu yunifolomu yawo ya ulonda, pambali pawo a Mbewe, onse awiri akuchita ngati anthu ongodutsa. Bambo anali atavula chipewa, akuchifinya ndi manja awiri. Sanandikodole, sanapukuse mutu, anangoima ngati munthu amene akudikira chigamulo kubwalo la milandu.

Ndinaubwezera mutuwo pamapewa, ndinadzuka, n'kuliyatsa liwiro.

Rudo analibe kuchitira mwina, nsalu inali imodzi. Ankangokuwa kumbuyoko kuti, "Iwe mupengo, wamisala iwe, tikupita kuti?" Tinadutsa pakati pa ana a giredi wani, iwo n'kubalalika akulira amayi awo. Tinadutsa bwalo la mpira, tinadutsa zimbudzi, tinalowa m'dimba la kabichi la a Nihawu. Kumbuyo kwathu ahedi ankathamanga tayi ili paphewa, mimba ikutsogola. A Nihawu ankafuna kuimitsa mkango m'chiyankhulo chake pamaso pa alendo, koma mawu oti ima anali m'gawo lachiwiri, ndiye ankangokuwa moni ndi zikomo. Amayi a Chimalawi okha ndi amene sanadabwe, chifukwa chilombo chikatha kuvina chimathawira kuthengo, nanga chipite kuti? Rudo anandiuza pambuyo pake kuti ana ena anaona mtsikana wa ambulera uja akuseka mpaka kugwira m'mimba.

Tinakaima m'mabulugamu a kumtsinje, komwe kunalibe munthu. Ndinavula mutu, ndinaukhazika bwinobwino patsinde, Rudo anandimenya khofi limodzi monga analonjezera, kenako tinazungulira kuseri n'kukalowa m'mizere ngati tachokera kokamwa madzi, thukuta lili chuchuchu, masamba a kabichi ali m'masokosi.

Chithunzi chinajambulidwabe. Mapulifekiti anakautenga mkango kumtsinje, ndipo ahedi anaitana mwana wa mchemwali wawo, kamtsikana kamasokosi oyera komwe sikanavinepo ngakhale tsiku limodzi. Ikako kananyamula mutuwo, kanawerama, kanamwetulira, ndipo dzina lake linatchulidwa. Ine ndinaima m'mzere ndikuonerera, misozi ikutsika, ndipo zinandipweteka kuposa zikwapu zomwe ndinalandira alendo atangotuluka pageti. Sabata lotsatira ine ndi Rudo tinakumba dzenje la zinyalala. A Nihawu sanandilankhule mpaka chaka chinatha, ngakhale kuti yunivesite inakondwera kwambiri, inati mkango wa ku Sakubva unaonetsa mphamvu zachilendo, ndipo inawaitana ku gawo lachiwiri.

Madzulo a tsiku la mkangolo bambo anabwera, anakhala pampando wawo, anavula nsapato. Ine ndinali pakona, matako akuwotcha, ndikudikira kuti anene kanthu. Sanandiyang'ane n'komwe. Analankhula ndi amayi.

"Amake Enelesi, kusukulu kuja kunatuluka chilombo lero. Ndinachiona ndikudutsa."

"Eti? Chinavina bwanji?"

"Chinavina, mayi. Zaka zonse ndaimbira zilombo, koma mapazi ngati amene aja ndawaona kochepa. Kumanda komwe chimachokerako ali ndi mwayi."

Anatulutsa m'thumba banzi lomwe anagula panjira, n'kuliika patebulo, ati mwina m'nyumba muno muli wina amene watopa. Mpaka imfa yawo sananenepo zoposa pamenepo.

Masiku ano zinthu zinasintha. Ine tsopano ndine mphunzitsi, ndipo ana anga amapereka moni wa Chitchaina mosadodoma kuposa mmene amayankhira agogo awo m'Chichewa. Akuti Chichewa chathu chinalembedwa m'malamulo a dziko ngati chiyankhulo chovomerezeka, koma sindinaonebe katoni yake ikutsika basi. Gule naye analowa m'tauni, amavina pa zionetsero, ndipo anyamata ena akatha kuvina amakankhira chigoba pamphumi n'kudzijambula ndi foni. A Mbewe akanaona akanameza dzino lawo lija.

Chaka china sukulu yathu inanditumiza ku maphunziro omwe aja a ku yunivesite, omwe tsopano ali ndi magawo ambiri, zipinda zozizira ndi tiyi wa masikono. Pa tsiku lotsegulira anationetsa pakhoma zithunzi za mmene ntchitoyi inayambira. Mwadzidzidzi ndinangoona kamtsikana kamasokosi oyera kaja, katanyamula mutu wa mkango, ndipo wotsogolera anati tiombere m'manja mwana wolimba mtima ameneyu, amene anatsegulira anzake njira. Mphunzitsi amene anakhala pambali panga anandifunsa ngati ndikumudziwa, popeza ndine wa ku Mutare. Ndinati ndikumudziwa, ndipo ndinaomba nawo m'manja, mwamphamvu ndithu. Bambo anga anaimba mbalule mpaka chaka chomwe manja awo anayamba kunjenjemera, ndipo palibe munthu anawalanda ng'omayo.